Mutu wa sitima wokongola koma woima pa mapointi: timalipirira chiyani kwenikweni?

Njanji87
Anzanga, ndabwera ndi dandaulo. Mwezi wathawu ndinagula kachifaniziro ka mutu wa sitima ya nthunzi, mutu wa HO (sikelo yochepetsa sitima yeniyeni ka 87), wa DCC (njira ya digito yoyendetsera sitima), wokhala ndi sipika, nyale, ngakhale kotulutsira utsi. Kampani yake sindiitchula. Pouchotsa m'bokosi, timapaipi tiwiri ta pansi pa boyila tinathothoka, ndipo kamakwerero ka kumbuyo kanatsalira m'pepala lokulungira. Nditauika panjanji, kulira kwake kunandisangalatsa kwambiri. Koma ukangofika pa mapointi, pamene njanji zimapatukana, umaima, sipika n'kuzima, kenako n'kuyambiranso kulira ngati ukudzuka kumene. Mutu wanga wakale wa zaka zoposa 20, wopanda sipika, wopanda tizitsulo tonseti, umadutsa pamalo omwewo osadodoma.

Ndiye ndikufunseni. Inuyo mukamagula, mumayang'ana chiyani poyamba? Kufanana ndi sitima yeniyeni pa maonekedwe, phokoso ndi nyale, kapena kuyenda bwino? Ine mtima wandipweteka ndithu.

Dzimbiri_Lofiira
Kuyenda bwino basi. Zinazo n'zokometsera.

MalashaNdiMoto
Walira mvula walira matope, achimwene. Ndife tomwe tinkadandaula kuti zogwirira za pambali pa boyila n'zongoumbira kumodzi ndi thupi, tikufuna za waya zoima pazokha. Opanga anamva. Tsopano kachitsulo koonda ngati tsitsi kakathyoka tidabwenso? Chinthu chochepetsedwa ka 87 sichingakhale cholimba ndiponso choonda moyenera nthawi imodzi. Paipi ya mamilimita 25 pa sitima yeniyeni, pa HO sikwana ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita.

AgogoAWezulo
A Njanji87, tisanafike pa mtsutso waukuluwo, ndikuthandizeni kaye pa vuto la kuimalo, chifukwa mwina mutu wanuwo ulibe mlandu.

Yang'anani pa mapointi, pali kachigawo kooneka ngati V pamene njanji ziwiri zimadutsana, komwe amakatcha frog. Pa mapointi ambiri kameneka n'kapulasitiki, kalibe magetsi. A Peco, opanga njanji, amatcha mtundu umenewu Insulfrog, ndipo wachitsulo wokhala ndi magetsi amautcha Electrofrog. Gudumu limodzi likakwera papulasitikipo, ena akakhala ndi litsiro pang'ono, magetsi amaduka kwa kanthawi kochepa kwambiri. Mutu wanu wakale suona vuto chifukwa mwina uli ndi flywheel yolemera, kagudumu ka pa mota, imene imaukankha mpaka kudutsa, ndiponso ulibe ubongo woti uzime. Watsopanowo uli ndi dikoda, yomwe ndi kakompyuta. Magetsi akaduka, kakompyutako kamazima n'kuyambiranso, n'chifukwa chake sipika imayamba pachiyambi.

Mankhwala ake ndi atatu. Tsukani magudumu ndi tizitsulo totapa magetsi kuseri kwa magudumuwo. Onani ngati magudumu a tenda, kabogi ka malasha ndi madzi, akutapanso magetsi. Ndipo ngati muli malo, ikani makapasita osunga mphamvu amene amawatcha stay-alive. Amenewa amadyetsa dikoda kwa sekondi imodzi kapena ziwiri magetsi akaduka. Ine mitu yanga yonse yaifupi ndinaika, ndipo kuima kuja kunatheratu.

Njanji87
Zikomo agogo. Mapointi anga ndi apulasitiki ndithu. Koma ndi pomwe pali dandaulo langa. Bwanji osaikiratu makapasitawo kufakitale, m'malo mwa kautsi?

Kamutu160
Funso limenelo ndi lolondola. Kapasita siioneka pachithunzi cha pabokosi, utsi umaoneka.

MayiWaMabogi
Pa nkhani ya utsi ine ndiye ndinasiyiratu. Kachipangizoko kamatenthetsa mafuta, ndipo mafutawo sathera m'mwamba, amagwera pamadenga a mabogi ndi panjanji, fumbi n'kumamatirira. Kenako timadabwa kuti magetsi sakuyenda bwino. Komanso tinene zoona, utsi wake sufanana ndi wa sitima yeniyeni. Sitima ya nthunzi ikamakwera chitunda imalavula utsi wochindikala, mogundagunda, molingana ndi kayendedwe ka mapisitoni. Wathuwu umangonyololoka ngati wa kandulo yozimitsidwa. Utsi ndi madzi ndi zinthu ziwiri zomwe sizichepetseka.

Garratt_Wamkulu
Mayi, pa HO ndikuvomereza. Koma pa masikelo akuluakulu monga O kapena G, pomwe pali kafani kokankha utsi mogwirizana ndi magudumu, zimaoneka bwino kwambiri, makamaka panja kukuzizira. Musaweruze zonse ndi kachipangizo kakang'ono ka HO.

MayiWaMabogi
Panja inde. M'chipinda chotseka mawindo, fungo lake limandipweteketsa mutu.

WowerengaMisomali
Ine ndili mbali ina, ndipo sindichita nazo manyazi. Amatinena kuti timawerenga misomali ya pa boyila, chabwino. Koma kusiyana kwa chidole ndi chifaniziro ndi kumeneko. Ndikagula Flying Scotsman, mutu wanthunzi wotchuka wa ku Britain, ndimafuna kudziwa kuti ndi wa chaka chiti. Mutu umenewu unapangidwa mu 1923 ndipo pa moyo wake wasintha nambala, utoto, tenda, boyila ngakhalenso chumuni. Wina akandigulitsa wokhala ndi nambala 4472 koma maonekedwe a nthawi ina, wandigulitsa mutu womwe sunakhalepo. Kwa ine chisangalalo chili pamenepo: kufufuza zithunzi zakale, kuyerekeza, kukonza mpaka zigwirizane. Sitima ikhoza kuyenda kamodzi pamwezi, sindidandaula.

Kamutu160
A WowerengaMisomali, mukusonkhanitsa za OO eti? Ndiye muyambe mwawerenga mamilimita a pakati pa njanji. OO ndi 1:76, koma imayenda panjanji ya mamilimita 16.5 yomwe ndi ya HO. Njanji yeniyeni ya mamilimita 1435 ikachepetsedwa ka 76.2 imayenera kukhala 18.83. Ndiye kuti Scotsman wanuyo akuyenda panjanji yopapatiza ndi masentimita pafupifupi 18 pa muyeso weniweni.

WowerengaMisomali
Ndikudziwa bwino, n'chifukwa chake ndinasamukira ku EM, sikelo yomweyo koma panjanji ya mamilimita 18.2. Ndimasintha magudumu ndekha ndipo mapointi ndimapanga ndi manja. P4 ya 18.83 ndinayesa, koma imafuna njanji yoyalidwa mosalakwitsa ngakhale pang'ono popeza milomo ya magudumu ake ndi yaifupi zedi. Maso anga sakulolanso zimenezo.

Kamutu160
Pamenepo ndakupatsani ulemu. Koma mwaonatu kuti inunso munaima penapake. Munasankha 18.2, osati 18.83.

Siginolo_Yobiriwira
Mawu a Kamutu160 ndi amene ndimafuna kunena. Aliyense wa ife ali ndi bodza lomwe analivomereza, kusiyana kwake n'kwakuti wina amavomereza ili, wina ilo.

Taganizani za pokhota. Njanji zambiri za HO zogulitsidwa m'mabokosi oyambira zimakhota pa mainchi 18, omwe ndi mamilimita 457. Mukachulukitsa ka 87 mupeza mamita 40 okha. Sitima yapamsewu wa mumzinda ingakhote pamenepo, koma osati ya mtunda wautali. Pokhota pa mamita 300, pomwe pa njanji zenizeni ndi pothina kale, pa HO pangafune mamita atatu ndi theka kuchokera pakati. Ndani ali ndi chipinda chotero? Ndiye opanga amachita zotheka kuti mutu wautali ukhote: amasiya mpata waukulu pakati pa mutu ndi tenda, amalola magudumu kusewera uku ndi uku, ena amachotsa milomo ya magudumu apakati. Big Boy, mutu waukulu wa injini ziwiri wa kampani ya Union Pacific ku America, pa sitima yeniyeni ndi injini yakutsogolo yokha imene imatembenuka, yakumbuyo inamangiriridwa ku thupi. Pa timitu tathu tambiri zonse ziwiri zimatembenuka, kupanda kutero sitingakhote m'nyumba.

Chimodzimodzi mabogi a anthu a ku Ulaya. Bogi la mamita 26.4 pa HO liyenera kutalika mamilimita 303. Kwa zaka zambiri makampani ankalifupikitsa kufika pa 264, ndiye kuti kutalika kwake kunali pa 1:100 pomwe m'lifupi ndi msinkhu zinali pa 1:87. A kampani ya Märklin amapanganso apakati, a mamilimita 282. Ambiri sitinkazindikira n'komwe mpaka titaika lalitali pambali pake.

Choncho funso la a Njanji87 ine ndimaliyankha motere: sankhani bodza lomwe silikupwetekani m'maso, ndalama muike pa lomwe likukupwetekani.

Dzimbiri_Lofiira
Ine londipweteka ndi liwiro. Munthu wagula mutu wodula, wautotoutoto bwino, kenako akuuthamangitsa ngati wa mpikisano.

AgogoAWezulo
Eya, apa ndiye mwakhudza pamtima panga. Tiyeni tiwerengere limodzi. Makilomita 100 pa ola ndi mamita pafupifupi 28 pa sekondi. Gawani ndi 87, mupeza masentimita 32 pa sekondi. Sitima ya katundu ya makilomita 60 pa ola, pa HO ndi masentimita 19 okha pa sekondi. Ikani rula ya mita imodzi pambali pa njanji yanu, iyenera kutenga masekondi asanu kuti idutse. Ambiri mukayesa mudzapeza kuti yanu ikudutsa m'masekondi awiri.

Ndipo DCC ubwino wake weniweni uli apa, osati pa phokoso. Mu dikoda muli manambala osinthika otchedwa ma CV, monga CV3 yolamulira kanyamukidwe ndi CV4 yolamulira kaimidwe. Mukakweza manambala amenewa, sitima imanyamuka pang'onopang'ono ngati ikukokadi matani mazanamazana, ndipo poima muyenera kuyamba kuchepetsa mukadali kutali ndi siteshoni, monga amachitira dalaivala weniweni. Madikoda abwino amayezanso back-EMF, magetsi omwe mota imabweza ikamazungulira, kotero mutu umatha kukwawa pang'onopang'ono osagwedera. Mlendo akabwera kwanga sazindikira kuti mutu wina ulibe mapaipi a mchenga. Chomwe chimamuimitsa n'kuona sitima ikulowa pasiteshoni mwaulemu, mabogi n'kuima bwinobwino popanda kugundana.

Analogi_Mpakana
Agogo, zonsezo ine ndimachita ndi DC wamba, magetsi olunjika popanda dikoda. Kontorola yabwino, njanji yoyera, mota yabwino, dzanja lodekha. Sindifuna kuphunzira ma CV kuti ndiyendetse sitima imodzi pa thabwa langa.

AgogoAWezulo
Pa sitima imodzi simukulakwa ayi. DCC inabwera kudzathetsa vuto la mitu ingapo panjanji imodzi. Njira imeneyi inachokera kwa a Lenz a ku Germany, bungwe la NMRA, la okonda timasitimati ku America, n'kuitenga kukhala muyezo m'zaka za m'ma 1990, n'chifukwa chake dikoda ya kampani ina imamvera kontorola ya kampani ina. Amene ali ndi mutu umodzi kapena iwiri akhoza kukhala pa DC moyo wonse osasowa kanthu.

MphakaPaNjanji
Pepani ndikupatutseni pang'ono. Alipo amene anapeza njira yoletsera mphaka kugona pamwamba pa siteshoni? Wanga wathyola mitengo itatu ndi siginolo, ndipo ubweya wake ndimaupeza utakulungana m'magiya.

MayiWaMabogi
Chitseko chotseka basi. Ine ndinasokanso nsalu yopepuka yophimba thabwa lonse, yokhala pa timitengo kuti isakhudze nyumba ndi mawaya. Imathandizanso pa fumbi. Ubweya wa m'magiya chotsani ndi kopanira kosongoka, musathire mafuta pamwamba pake, mungapange phala.

Garratt_Wamkulu
Mafuta ochuluka apha mitu yambiri kuposa mafuta ochepa. Kadontho ka pansonga ya singano n'kokwanira.

MphakaPaNjanji
Zikomo. Nsaluyo ndiyesa.

MalashaNdiMoto
Tibwerere ku phokoso, chifukwa ndikuona ngati mukulipeputsa. Ine nditaika LokSound, dikoda ya phokoso, mu mutu wanga woyamba, kayendetsedwe kanga kanasintha. Ndinayamba kudikira kuti injini ya dizilo ikwere kaye mawu isananyamuke, kuimba huta ndisanadutse msewu, kumvetsera mabuleki. Phokoso linandiphunzitsa kuyendetsa modekha, zomwe agogo akunenazo. Kale ndinkangopotokola kontorola.

WowerengaMisomali
Likhale lolondola. Mutu wa masilinda awiri umapuma kanayi gudumu likazungulira kamodzi, wa masilinda atatu ngati Scotsman umapuma kasanu ndi kamodzi. Ndamvapo mitu yambiri yomwe kupuma kwake sikugwirizana ndi magudumu, ndipo zimenezo zimandisokoneza kuposa kukhala chete. Zimakonzeka mu dikoda, koma anthu safuna kutaya ola limodzi akuwerenga.

Kamutu160
Vuto lina ndi kukweza mawu. Mukaima mita imodzi kuchokera pa thabwa la HO, zili ngati mwaima mamita 87 kuchokera pa sitima yeniyeni. Pa N, sikelo ya 1:160, mamita 160. Pamtunda umenewo simungamve fosholo ya wothira malasha. Koma pa zionetsero mumapeza mitu khumi ikulira yonse pamodzi, ina ili m'kati mwa phiri. Ine yanga ndimatsitsa kufika pamene ndimaimva ikamadutsa patsogolo panga pokha.

Dzimbiri_Lofiira
Ndipo sipika ya kukula ngati chikhadabo singatulutse kugunda kwa pansi kuja komwe umamva m'chifuwa.

Siginolo_Yobiriwira
Palibe amene wanenapo za zolumikizira mabogi, pomwe kwa ine ndi zimene zimaononga maonekedwe kuposa china chilichonse. Mutu wokongola, kutsogolo kwake kuli chingowe chachikulu cha pulasitiki. Ndinasinthira ku Kadee, zomwe zimafanana ndi zolumikizira zenizeni za ku America ndipo zimamasuka ndi maginito obisika pansi pa njanji. Pa mabogi okhala ndi kathumba kolowetsamo cholumikizira ka muyezo wa NEM 362 umangosolola chakale n'kulowetsa chatsopano. Ndikudziwa kuti pa mabogi akale a ku Britain sizolondola, iwo ankalumikiza ndi unyolo wa mphete zitatu. Koma dzanja langa lalikulu likamalowa pakati pa mabogi ndi kandodo, limenelo ndi bodza loposa.

WowerengaMisomali
Ine ndimagwiritsa ntchito unyolo wa mphete zitatuwo, ndi kandodo kokhala ndi tochi. Wolumikiza mabogi weniweni ankachitanso chimodzimodzi ndi ndodo yake. Zimatenga nthawi, ndipo nthawi imeneyo ndimaikonda.

MayiWaMabogi
Ndikufuna kunenapo za utoto. Chinthu chotsika mtengo kwambiri chomwe chinasintha thabwa langa si dikoda. Ndi kupaka m'mbali mwa njanji utoto wa dzimbiri, ndi kudetsa mabogi. Bogi lochokera m'bokosi limanyezimira ngati pulasitiki chifukwa ndi pulasitikidi. Ndimayamba ndi vanishi wosawala, kenako ufa wa utoto wofiirira m'munsi momwe fumbi la mabuleki limagwera, wakuda padenga, timizere totsika pomwe mvula imayenda. Ndimayang'ana chithunzi cha bogi lenileni, sindipeka. Bogi lakale lotchipa likadetsedwa bwino limaposa latsopano lodula lomwe langotuluka m'bokosi.

Njanjinso. Msinkhu wake umatchulidwa ndi code: Code 100 ndi ya msinkhu wa mamilimita 2.54, yomwe pa HO ikuimira masentimita 22, pomwe njanji yeniyeni yolemera ya UIC 60 ndi masentimita 17 okha. Code 83 kapena 75 imaoneka bwino. Koma chenjerani, magudumu akale a milomo italiitali amagunda timisomali ta pa code 75. Ndinazionera ndekha nditayala kale mamita asanu ndi limodzi.

Analogi_Mpakana
Kudetsa mutu wodula ine dzanja limanjenjemera. Ukafuna kugulitsa mtengo umatsika.

MayiWaMabogi
Yambani ndi bogi limodzi lomwe simulikonda. Ufa umachoka ndi kansalu konyowa ngati simunaupopere vanishi.

Wapasiteshoni
Ndawerenga zonse ndipo ndikuona kuti tikukamba za katundu, osati za ntchito ya sitimayo. Sitima yeniyeni siizungulira pachabe, imatenga katundu apa kukasiya apo. Thabwa langa ndi lalitali mita imodzi ndi theka basi, pa pulani ya Inglenook ya Alan Wright: njanji zitatu zosungira mabogi asanu, atatu ndi atatu, mabogi onse asanu ndi atatu. Umasankha asanu mwamaere n'kuwasanja motsatira dongosolo lomwe latuluka. Njira zake zilipo 6,720. Ndimakhala mphindi makumi awiri pa ulendo umodzi, ndi kamutu kamodzi kakang'ono kopanda sipika. Pamenepa chofunika n'chakuti kamutuko kakwawe osaima pa mapointi ndipo zolumikizira zigwire nthawi zonse. Kakangoima kamodzi, n'kufuna kukankhidwa ndi chala, zonse zimasanduka chidole nthawi yomweyo.

John Allen, yemwe anamanga thabwa lotchuka la Gorre & Daphetid ku California, anali katswiri wa mapiri ndi kudetsa zinthu, koma ndi yemweyonso anapanga Timesaver, kathabwa kopanda mtengo ngakhale umodzi, kongosanjira mabogi. Ankadziwa kuti zonse ziwiri zili ndi malo ake.

Garratt_Wamkulu
Komabe pitani ku Miniatur Wunderland, chionetsero chachikulu cha timasitima ku Hamburg, mukaone chomwe chimakopa anthu. Kumeneko usiku umagwa mphindi 15 zilizonse, nyale zikwizikwi n'kuyaka, magalimoto akuyenda okha, ndege zikunyamuka. Anthu sapita kukayeza mpata wa njanji. Nyale ndi zoyendayenda ndi zomwe zimabweretsa ana m'chizolowezi chathuchi. Mdzukulu wanga anayamba chifukwa cha batani la huta, lero akuphunzira kuwotcherera mawaya. Tikanyoza zimenezi tidzatsala tokha okalamba.

Wapasiteshoni
Sindikunyoza ayi. Koma kumenekonso sitima zikanakhala zoima pa mapointi aliwonse, nyalezo sizikanapulumutsa kanthu.

Kamutu160
Za ana zija, n'chifukwa chake ndimalimbikitsa njanji ya Kato Unitrack kwa oyamba. Miyala yake ndi yapulasitiki youmbira, a WowerengaMisomali sangaiyang'ane kawiri, koma imalumikizana molimba ndipo magetsi saduka. Ku Japan anthu ambiri amayala pansi madzulo n'kulongedza akatha. Ndipotu N ya ku Japan ndi 1:150 panjanji ya mamilimita 9, pomwe sitima zawo zambiri zimayenda pa 1067, zomwe zikanafuna mamilimita 7 okha. Amadziwa, ndipo amasangalala nazo.

WowerengaMisomali
Mwana wa mchemwali wanga ndinamugulira Unitrack yomweyo. Zanga za EM sakhudza.

Njanji87
Ndabweranso nditayesa zomwe munandiuza. Nditatembenuza tenda ndinapeza kuti tizitsulo tiwiri totapa magetsi sitinkakhudza n'komwe magudumu, tinali topindikira kunja. Ndatiwongola, ndatsuka magudumu onse, ndipo mwa mapointi anga asanu ndi limodzi tsopano ukuima pa amodzi okha. Kotulutsira utsi ndakachotsa, ndipo malo ake akuoneka kuti angakwane makapasita. CV3 ndi CV4 ndakweza, mawu ndatsitsa ndi theka. Ndinayesanso za rula zija: mita imodzi inkadutsa m'masekondi awiri ndi theka, agogo munalondola. Timapaipi tija ndamata, kamakwerero ndasunga m'kabotolo chifukwa ndikudziwa kuti kadzathyokanso.

Dandaulo langa kwa opanga likadalipo. Mutu wa mtengo umenewu sunayenere kutuluka m'fakitale tizitsulo tili chopindika.

AgogoAWezulo
Musanawotcherere makapasitawo, werengani kabuku ka dikoda yanu muone malo ake enieni olumikizira, ndipo musasinthanitse waya wa pulasi ndi wa mainasi. Madikoda ena amavuta kuwerenga ma CV panjanji yopulogalamira makapasita ali olumikizidwa, choncho malizani kaye zosintha zanu zonse. Pa mapointi otsalawo, yesani ndi mita ngati lilime lake, kanjanji kosuntha kaja, likulandira magetsi likatsamira njanji. Kawirikawiri pamakhala utoto kapena guluu wa miyala.

Njanji87
Ndi guluu ndithu, ndikuuona woyera m'mphepete mwa lilimelo. Ndichotse ndi chiyani kuti ndisakande njanji?

MayiWaMabogi
Ngati ndi guluu woyera wa matabwa, donthezani madzi ofunda, dikirani mphindi zingapo afewe, kenako palani ndi kamtengo kotokosera m'mano. Sandipepa musayandikize.